Makina a ku Joni ndi kachubu ka ku Limbe: zomwe ndaona chitulukireni m'chipatala ndi mphumu

Pansi pa bedi langa pali katoni. M'katonimo muli nebulaiza, makina aja amasandutsa mankhwala a mphumu kukhala nkhungu yoti munthu azipuma atavala chigoba kumaso. Anagula ndi achimwene anga ku Johannesburg nkutumiza pa basi, ndipo ndikaganiza thukuta lomwe anakhetsa kuti apeze ndalamayo, manyazi amandigwira ndi zomwe ndinene apa. Pa kampando ka pambali pa bedi lomwelo pali kachubu kapulasitiki koonekera mkati, kukula kwake ngati botolo laling'ono la madzi akumwa. Ndinakagula pa famase ina ku Limbe. Akuchipatala amakatchula kuti spacer, ndipo ndi kopoperamo inhela ya mphumu. Papita miyezi inayi chitulukireni m'chipatala, ndipo anzanga a kuntchito ndi amayi a kumpingo, maka omwe ali ndi ana obanika, akhala akundifunsa kuti makinawo angawapeze kuti. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndati ndilembe kamodzi.

Kuti mudziwe amene akulankhulayu: ndimaphunzitsa Sitandade 4, ndimakhala ku Chilomoni, ndipo mphumu ndakula nayo. Mayi anga analinso nayo. Kwa zaka zoposa 20 ndinkayenda ndi inhela ya buluu m'chikwama, ija ambiri timangoti Ventolin ngakhale dzina la mankhwalawo ndi salbutamol. Chifuwa chikathina ndinkapopa kawiri nkupitiriza ntchito, basi. Mu Juni chiperoni chinagwa masiku anayi osadukiza, theka la kalasi likutsokomola, ine nkutengako chimfine. Kunyumba tinalowetsa mbaula pabalaza kuti tiothe, mazenera onse titatseka. Usiku wachitatu ndinafuna kunena kuti "ndipatseni madzi", koma ndinangoti "ndipa...", mpweya nkuthera pomwepo. Bambo a kunyumba anakagogoda kwa aneba omwe ali ndi galimoto.

Ndinagonekedwa masiku 6. Anandiika pa okosijeni, anandijambula chifuwa, anatenga makhololo kukayeza ngati ndi TB, nkupeza kuti si TB koma chibayo chomwe chinadzutsa mphumu. Masiku awiri oyamba sindikumbuka zambiri. Chomwe ndimakumbuka ndi namwino akubwera ndi kachigoba, kuthira mankhwala m'kakapu kake, kuyatsa makina, nkhungu nkuyamba kufuka. Pakatha mphindi zochepa chifuwa chomwe chinkalira mluzu chinkamasuka ngati wina wamasula lamba. Mng'ono wanga, yemwe anali gadiyani, ankati akaona nkhungu ija nayenso mtima unkakhala pansi. Choncho m'mutu mwanga ndinalemba kuti chomwe chandipulumutsa ndi makinawo.

Tsiku lotuluka anandipatsa prednisolone wochepetsa kutupa wa masiku 5, amoxicillin woti ndimalize, inhela ya buluu ndi inanso ya bulauni yotchedwa beclometasone. Namwino akulemba tsiku lodzabweranso m'buku langa la kuchipatala anati, "Mayi, mukapeza kandalama mukagule spacer." Ndinati "chabwino asisita", koma mawuwo analowa khutu ili nkutulukira linali. Madzulo omwewo achimwene anaimba. Ndinawafotokozera za makina aja, iwo nkuti, "Achemwali, kuno amagulitsa m'mafamase ngati buledi. Zisiyeni kwa ine."

Katoni inafika patatha masabata awiri, ndipo mwana wanga wamkazi anakaitenga ku Wenela. Nditatsegula, makinawo anali okongola ndithu: oyera, opepuka, okhala ndi chogwirira, paipi yofewa, kakapu ka mankhwala, chigoba cha wamkulu, cha mwana, ndi kena koluma pakamwa. Vuto loyamba linaoneka tisanayatse nkomwe. Pulagi yake ndi ya ku South Africa, ya mano atatu aakulu ozungulira, pomwe masoketi athu kuno amafuna mano aphwatalala. Bambo a kunyumba anafuna kudula chingwe kuti alumikize pulagi ya ayironi yakale. Ndinakana, tinadikira mpaka Loweruka kuti akagule adaputa mumsika. Ngati wachibale wanu ali ku Joni ndipo mwamupempha chilichonse chamagetsi, muuzeni aikemo adaputa.

Vuto lachiwiri ndi lomwe achimwene sanaganizeko, nanenso sindinaganizeko: makina amabwera opanda mankhwala. Mankhwala ake ndi salbutamol wamadzi wa m'timabotolo tapulasitiki tothyola kumutu, ndipo si famase iliyonse yomwe imasunga. Ndinalowa mafamase atatu. Awiri analibe, achitatu anafuna kalata ya dokotala, ndipo pamenepo sindiwanena, anachita zoyenera. Nditaupeza, mtengo wa timabotolo tongokwana masiku ochepa unaposa wa inhela yathunthu, yomwe imapopa ka 200. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mankhwala ochokera kunja sagwirika, ndipo amenewa ndiye amaluma zedi.

Ndisawanamizire: makinawa amagwira ntchito. Ukathira mankhwala, nkhungu imatuluka yosalala, yofanana ndi ya kuchipatala ija, ndipo chifuwa chimamasuka. Sufunika luso lililonse, umangokhala tsonga nkumapuma. Koma amalira ngati makina ometera pa salooni, moti usiku nyumba yonse imadzuka, galu wa aneba nkuyamba kuuwa. Umakhala mphindi 10 kapena 15 chigoba chili kumaso. Ukamaliza manja amanjenjemera, mtima ukugunda ngati wathamangira minibasi, chifukwa kabotolo kamodzi kali ndi mamiligalamu 2.5, pomwe kupopa kamodzi kwa inhela ndi mamaikulogalamu 100 okha. Kuwerengera pa pepala, kabotolo kamodzi ndi kupopa ka 25, ngakhale mankhwala ambiri amangouluka m'mbali mwa chigoba. Tsiku lina nditangomaliza ndinafuna kuchonga makope, bolopeni inkavina yokha. Kenako pali kutsuka. Kakapu, chigoba ndi choluma chija zimafuna kutsukidwa ukangogwiritsa ntchito nkuumitsidwa bwinobwino, apo ayi chinyontho chimaweta tizilombo tomwe udzapumire m'mapapo omwe angochira kumene chibayo. Munthu wodwala, wofooka, pa 2 koloko usiku, madzi ali mu ndowa panja: ndikuuzeni zoona, sindinkatsuka nthawi zonse.

Koma zonsezi ndi zazing'ono. Chachikulu ndi chomwe chinachitika kumayambiriro kwa Ogasiti. Aneba ena anatentha zinyalala madzulo, muli mapulasitiki ndi matewera, utsi nkulowa m'nyumba. Pofika 10 koloko chifuwa chinayamba kulira. Kale ndikanachita mantha nkuganiza za chipatala, koma ndinati ayi, chipatala chili pansi pa bedi. Ndinadziika pa makina, ndinapezako bwino, ndinagona. Cha m'ma 1 koloko ndinadzuka ndikubanika kuposa poyamba. Ndinadziikanso. Bambo a kunyumba anati tipite, ine ndinati dikirani, makina achite ntchito yawo. Tinachezera choncho, ine nditatsamira pa tebulo, mpaka kunja kunacha.

M'mawa titafika, a kiliniko omwe anandiona anali bambo wachikulire, wolankhula motsitsa. Anandipanitsa kachida ku chala, anayang'ana nambala, anamvetsera chifuwa, kenako anafunsa kuti ndayamba nthawi yanji. Nditafotokoza monyadira za makina anga, anavula magalasi nkuwaika pa tebulo.

"Aphunzitsi, makina anuwo amapopa mpweya wamba wa m'chipinda mwanu. Si okosijeni. Kuno tikamakuikani pa nebulaiza timakhala tikuyang'ana mpweya wa m'magazi, takupatsani prednisolone kuti kutupa kwa m'njira za mpweya kutsike, ndipo zikavuta pali wothamanga. Kunyumba kwanu wothamanga ndi ndani? Mankhwala a buluu akakumasulani, kubanika nkubwereranso pasanathe maola anayi, musathirenso kachiwiri nkugona. Nyamukani."

Sanakalipe, koma ndinamva kutentha kumaso. Kenako anati, "Tatulutsani inhela yanu, mupope mmene mumapopera kunyumba." Ndinatulutsa, ndinaika pakamwa, ndinadina, ndinakoka mpweya. Kautsi koyera kanatuluka m'mbali mwa milomo, kena m'mphuno. M'kamwa munali kuwawa kuja ndinakuzolowera, komwe ine ndinkati ndi chizindikiro choti mankhwala alowa. Bambo aja anapukusa mutu akumwetulira. "Simunakhutchumule. Mwadina musanayambe kukoka. Mwatulutsa mpweya nthawi yomweyo. Mankhwala mwathira lilime ndi kummero, m'mapapo mwalowa fungo lokha." Zaka 20, ine amene ndimauza ana tsiku ndi tsiku kuti safunsa anadya phula, ndakhala ndikuthira mankhwala lilime. Palibe anandionetsapo, nanenso sindinafunsepo. Inhela ndinkangolandira pa windo ngati panado.

Anatsegula dirowa nkutulutsa kachubu. Anafotokoza kuti mankhwala amatuluka mu inhela ndi liwiro lalikulu, ndipo anthu ambiri, ngakhale akuluakulu ophunzira, amalephera kugwirizanitsa chala ndi mpweya, makamaka akabanika. Kachubu kamasunga kautsi kaja kwa kanthawi, ndiye iwe umakakoka modekha. Anati kwa anthu ambiri, ngakhale chifuwa chitathina ndithu, inhela ya buluu yopopera mu spacer imathandiza mofanana ndi nebulaiza, ndipo sinjenjemeretsa kwambiri. Tsiku lomwelo, atandisunga maola angapo nkundipatsanso prednisolone, tinadzera ku Limbe.

Pa famase paja mtsikana wogulitsa anayamba wandipatsa ya ana, yokhala ndi chigoba chofewa ndi zithunzi za tinyama. Ndinati ndi yanga, si ya mwana. Anakafufuza kumbuyo nkubwera ndi ya choluma pakamwa, katoni yake itachita fumbi. Anati sizituluka kawirikawiri. Mtengo wake sunafike ngakhale pa thumba limodzi la makala, pomwe makina aja, ndikamasulira marandi omwe achimwene anandiuza, akanagula makala a miyezi ingapo. Mukamagula, tengani inhela yanu muyeserere pomwepo, chifukwa kamwa la inhela liyenera kulowa mothina mu labala ya kumbuyo. Yanga inalowa bwino.

Kagwiritsidwe kake ndi aka, monga anandiphunzitsira ndi monga ndimachitira. Ndimakhala tsonga. Ndimachotsa chivindikiro, ndimakhutchumula inhela, ndimailowetsa kumbuyo kwa chubu. Ndimatulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndimaluma choluma chija milomo itatseka mbali zonse, ndimadina kamodzi kokha, nkupuma bwinobwino ka 4 kapena ka 5 osachotsa pakamwa. Ndikakhala kuti sindikubanika ndimakoka kamodzi mozama nkugwira mpweya ndikuwerenga mpaka 10. Kutsogolo kuli kavalavu komwe kamalira "tha, tha" ukamapuma, ndiye umadziwa kuti mpweya ukudutsa m'chubu, osati m'mbali. Yangayi ukakoka mwaphuma imaimba kamluzu, kukuuza kuti chepetsa. Sabata yoyamba inkandiimbira mluzu nthawi zonse, mwana wanga nkumaseka kuti "amayi, a refa akuimbirani". Chomwe ambiri amalakwitsa, nanenso ndinalakwitsapo, ndi kudina kawiri kapena katatu nthawi imodzi pofuna kufulumira. Mankhwala amangomatirira m'mbali. Kudina kamodzi, kupuma, kudikira theka la mphindi, kukhutchumulanso, kudinanso.

Mayeso ake anabwera okha. Kumapeto kwa Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, ndinadzuka pakati pa usiku chifuwa chili gwa. Magetsi anali atazima chimadzulo. Makina a ku Joni anali pansi pa bedi, chete ngati mwala. Mwana wanga anaunika ndi foni, ine ndinakhala m'mphepete mwa bedi miyendo ili pansi. A kiliniko aja anandiuza kuti zikatere ndizipopa kamodzikamodzi, mpaka ka 10 ngati pakufunika, ndipo ngati sizikusintha ndizinyamuka. Mwanayo ndiye ankawerenga. Pofika kachinayi mluzu wa m'chifuwa unayamba kuchepa, pa kachisanu ndi chimodzi ndinatha kumuuza kuti "kagone, ndapezako bwino tsopano" osapumira pakati. Bambo a kunyumba anali atavala kale nsapato, ataima pakhomo. Sanavule mpaka patatha ola. M'mawa ndinapitabe kukaonana ndi a kiliniko aja, chifukwa anandiuza kuti usiku wotere usamadutse osawauza.

Zolakwika zake zilipo. Ndi kachinthu kotupa, m'chikwama cha m'manja simukwana pamodzi ndi foni, makiyi ndi buku la nyimbo. Ndinapita kwa telala anandisokera kathumba ka chitenje. Kavalavu kaja kanamatirira kamodzi nditatsuka, mpaka ndinachita kupuma mwamphamvu kuti kamasuke. Labala ya kumbuyo yayamba kulobodoka pang'ono patatha miyezi iwiri yokha, ndipo anandiuza kale kuti chubu chotere chimafuna kusintha chikatha chaka, mwina chisanathe nkomwe. Kapepala ka malangizo kali m'Chingerezi ndi zilankhulo zina za kutali, tizilembo tating'ono ngati nyerere. Agogo a kumudzi amene akulera mdzukulu wa mphumu sangapindule nako. Ndiponso pamafunika kulimba mtima kukatulutsa pagulu. Inhela yokha umatha kubisa m'dzanja nkupopa mwakabisira kuseri kwa chitenje. Ichi aliyense amaona. Tsiku loyamba m'chipinda cha aphunzitsi mnzanga wina anafunsa ngati ndayamba kuimba lipenga.

Kutsuka ndi kosavuta kusiyana ndi makina, koma pali kachinsinsi. Umatsuka kamodzi pa mwezi m'madzi ofunda a sopo wamadzi wotsukira mbale, nkusiya kuti kaume kokha. Osapukuta ndi nsalu. Poyamba ndinaona ngati ndi mwambo chabe, mpaka anandikumbutsa za rula ija ana amakwecha m'tsitsi nkumatola nayo timapepala. Pulasitiki ukaipukuta imachita chimodzimodzi, imakoka mankhwala kuti amatirire m'mbali m'malo molowa m'chifuwa. Mng'ono wanga, pofuna kundithandiza, anakapukuta mpaka kuwala mbee. Ndinakatsukanso iye atapita.

Kwa amene ndalama yavuta kapena famase ili kutali, a kiliniko aja anandionetsanso njira ya botolo. Umatenga botolo lapulasitiki la 500 ml, lotsuka bwino ndi louma, nkuboola kumatako kwake bowo lofanana ndi kamwa la inhela, lothina kuti mpweya usamatulukire m'mbali. Inhela imalowa kumatako, iwe umaluma kukamwa kwa botolo. Poyamba ndinaseka, ndinati izi ndi za ana opanga magalimoto a mawaya. Anandiuza kuti madokotala a pa chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town anayesa botolo lotere pa ana a mphumu kalekale, m'ma 1999, nkupeza kuti likuthandiza mofanana ndi spacer yogula. Ndinapanga limodzi, limakhala m'kabati ya kusukulu. Lilibe valavu, ndiye umafunika kusamala kuti usapumire mpweya wambiri mkati, koma masiku awiri omwe ndinaiwala kathumba kanga kunyumba linandiombola.

Tsopano ndinene chomwe ndikuona kuti ndi mutu wa nkhani, ngakhale anzanga sakonda kuchimva chifukwa sichiwala ngati makina. Chomwe chasintha moyo wanga si inhela ya buluu ayi, ndi ya bulauni ija, yomwe ndimapopera m'kachubu komweka kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo, monga anandilembera, kaya ndili bwino kaya ayi. Ya buluu imangomasula njira za mpweya kwa maola ochepa. Ya bulauni ndiyo imachotsa kutupa komwe kumachititsa kuti njirazo zizithina. Simva kanthu ukapopa, ndipo zotsatira zimaoneka patapita masabata, nchifukwa chake ambiri timaisiya. Ine mwezi woyamba ndinkaipopa ndikakumbukira, molakwika, opanda spacer, ndipo zomwe ndinapindula ndi zilonda zoyera m'kamwa ndi mawu osasa. Mphunzitsi wopanda mawu pa ana ochuluka ngati athuwa ndi chiyani? Chiyambireni kupopera m'chubu nkumachukucha m'kamwa ndi madzi nkulavula, zilonda sizinabwerenso. Ndimaisunga pamodzi ndi mswachi kuti ndisaiwale. Masabata atatu apitawa ya buluu ndaigwira kamodzi kokha. Kale inkatha pa mwezi, ine nkumaona ngati ndi mmene mphumu imakhalira, osadziwa kuti kufuna ya buluu kupitirira kawiri pa sabata ndi chenjezo kale.

Inhela zomwe ndimalandira zilibe nambala yosonyeza kuti mwatsala zingati, ndipo ikatha mankhwala imapitirizabe kulira "fuu" ngati muli kanthu. Ndiye ndimachita masamu a Sitandade 4: 200 kugawa ndi 4 pa tsiku, masiku 50. Tsiku lomwe ndatsegula ndimalemba pa kapepala tsiku lomwe idzathe nkumata pa kabotolo. Za kuponya kabotolo m'madzi kuti uone ngati kayandama musazitengere, sizodalirika.

Apongozi anga atabwera kudzazonda anaona zonsezi pa kampando nkugwira pakamwa. "Mwana wanga, zopopazi ukazizolowera sudzasiyanso, mapapo amachita ulesi." Anabwera ndi masamba a bulugama ndi a mandimu kuti ndifukize, monga tinkachitira nthawi ya Covid. Sindinafune kuwakhumudwitsa, ndinafunda bulangete pa beseni. Sindinathe mphindi ziwiri, nthunzi yotentha ndi fungo lija zinanditsokomoletsa mpaka misozi. Ena mwina zimawathandiza chimfine, ine ayi. Tiyi wa jinja ndi uchi yemwe anandiphikira ndiye ndinamwa ndi mtima wonse, amafewetsa kummero, koma sindinasiye inhela chifukwa cha iye. Ndinawauza kuti, "Amayi, inu mankhwala a BP mumamwa tsiku lililonse, kodi mtima wanu wachita ulesi?" Anaseka, anati ndili ndi pakamwa ngati mayi anga.

Za kuchira kwenikweni, palibe chogula chomwe chinafulumizitsa. Kutentha thupi kunatha sabata yoyamba. Kutsokomola kunatenga pafupifupi masabata 6. Kufooka ndiye kunakhalitsa, ndipo anandichenjeza kuti chibayo chimatero, munthu amatha miyezi itatu asanabwerere mwakale. Sabata yoyamba kuchoka kuchipinda kufika kubafa kunali ngati kukwera Michiru. Ndinayamba kuyenda kufika pa mpopi, kenako pa golosale, kenako kutchalitchi, ndikupumira pa mlatho. Ndinkadya phala la mgaiwa lothira nsinjiro pang'onopang'ono chifukwa m'mimba mukadzaza befu linkawonjezeka. Prednisolone ndiye ankandisowetsa tulo nkundipatsa njala ya fisi, koma ndi masiku ochepa. Kunyumba tinasintha zingapo: mbaula siilowanso m'nyumba ngakhale kuzizire bwanji, m'chipinda timakolopa m'malo mosesa, pabwalo timawaza madzi tisanasese, makoyilo a udzudzu tinasiya tikugona mu neti. Mutu ukandipweteka ndimamwa panado, chifukwa aspirin ndi brufen amadzutsa mphumu mwa anthu ena ndipo anandiuza kuti ndisayesere. Sukulu zitatsegula mu Seputembala ndinabwerera m'kalasi, ndipo bolodi timafufuta ndi kansanza konyowa, ine nditaima chapatali. Ana amakanganirana ntchitoyo.

Kodi nebulaiza ndi yachabe? Ayi. Alipo odwala omwe dokotala amawalembera kuti akhale nayo kunyumba, nkuwauza mlingo ndi nthawi yoti asiye nkuthamangira kuchipatala. Amenewo agule, aonetsetse za pulagi, za komwe azipeza mankhwala ndi zomwe adzachite magetsi akazima. Koma ngati muli ngati ine, mwangotuluka m'chipatala, mantha akadali m'mtima ndipo mukufuna chinthu chooneka ngati cha mu wodi kuti muzigona mtima uli m'malo, ndalamayo yambani mwagulira spacer, yotsalayo musunge ya galimoto ya usiku. Ndipo musatuluke m'chipinda cha dokotala musanapope iye akuona. Munthu akalephera kumaliza chiganizo, milomo ikayamba kuchita mbuu, akayamba kuodzera kapena kusokonezeka, kapena mwapopa ka 10 osasintha, pamenepo palibe cha makina, palibe cha chubu, ndi ulendo basi, uku mukupitiriza kupopa m'njira.

Kukhala kuti ndikuchonga, kachubu ndikanakapatsa 9 pa 10, imodziyo ndachotsa chifukwa cha labala yolobodoka ndi kapepala kosawerengeka. Makina ndikanawapatsa 5, ndipo pa 5 pomwepo 2 ndi ya chikondi cha achimwene.

Iwo amaimba Lamlungu lililonse, ndipo funso loyamba limakhala lomwelo: "Makina aja akugwira, achemwali?" Ndimati akugwira, chifukwa ndi zoona, ndimawayatsa kamodzi pa mwezi kuti ndione ngati akulira. Akubwera pa Khrisimasi, ndipo Lamlungu lathali anafunsa kuti abwere ndi chiyani. Ndinati spacer ziwiri, ina yanga yosinthira, ina ya kamtsikana ka m'kalasi mwanga komwe kamajomba nyengo yozizira iliyonse. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Kapulasitiki basi?" Ndinati eya, ndi nsapato za tchalitchi, saizi 6. Adaputa ija pakali pano ikugwira ntchito pa ketulo yomwe anatumiza chaka chatha, yomwe inakhala m'kabati chaka chonse chifukwa cha pulagi.